Tsiku Limene Mawu a Achimwene Dali Adasasa

Ntchito yanga yoyamba ndidaimva pa wailesi, ndipo idali ya pa wailesi pomwepo. Nthawiyo ndidali nditamaliza fomu folo, ndikuthandiza amayi kugulitsa kachewere ndi kabichi m'mbali mwa msewu ku Biriwiri. Tsiku lina kawailesi kathu kadalengeza kuti nyumba ina yaing'ono youlutsira mawu ku Boma ikufuna munthu wokonda kufunsa mafunso. Amayi adandiyang'ana n'kunena kuti, "Pita ukawatopetse iwowo, ine ndipumeko."

Kumeneko ndidakumana ndi a Jere, mkulu wa mapulogalamu. Satifiketi yanga sadaiyang'ane n'komwe. Adangondifunsa chifukwa chake anyezi amatulutsa misozi m'maso, ndipo nditanena za mpweya woyabwa umene umatuluka tikamudula, adati ndiyambe Lolemba.

Pulogalamu yathu inkayankha mafunso a omvera pa zinthu zimene timachita tsiku ndi tsiku osadziwa chiyambi chake. Ine ndidali wofufuza. Adandipatsa rekoda yaing'ono, mahedifoni a waya womanga ndi selotepi, ndi foni yolandirira mafunso. Funso likabwera ndinkayamba ndi mabuku a sayansi ndi kompyuta ya mu ofesi, kenako n'kukwera kabaza kukaona anthu amene amachita chinthucho ndi manja awo. Lamulo la a Jere lidali limodzi: "Za m'buku zokha sindifuna, za kumudzi zokha sindifuna. Zikumane." Ndikabwerako ndinkadula mawu pa kompyuta, kuchotsa kutsokomola ndi kulira kwa mbuzi, n'kulemba tsamba limodzi loti muulutsi awerenge.

Ndidafufuza chifukwa chake chidulo chimafewetsa ndiwo, ndi mmene makolo ankachipangira ndi phulusa la zitsononkho soda asadafike m'magolosale. Ndidafufuza chifukwa chake nyemba zosakaniza ndi phulusa sizifumbwa msanga. Ndidakhalapo masana onse ndi mkulu wina wa kumapiri akundifotokozera kuti Angoni akale sankadya nsomba, kuti chizolowezicho adabwera nacho kuchokera kummwera, uku mwini wakeyo akutafuna usipa. Ntchitoyo ndinkaikonda. Chimene sindinkakonda ndi kumene ulemu wake unkapita.

Muulutsi wathu adali Dalitso, koma Ntcheu yonse inkamudziwa kuti Achimwene Dali. Mwamuna ameneyo Mulungu adamukondera pammero. Ankalowa mu situdiyo pulogalamu ili pafupi kuyamba, n'kuwerenga tsamba langa kamodzi, kulipinda, kuliika m'thumba, kenako n'kuyamba kulankhula ngati zinthuzo adabadwa nazo. Ine amene ndidapsa ndi dzuwa pa kabaza ndinkakhala kuseri kwa galasi, n'kumayankha foni za anthu ofuna kumupatsa moni.

Pageti pankafika mphatso: kachewere, nzimbe, mpunga wa ku Bwanje, nthawi ina mpaka tambala. Zonsezo ankati n'za "bambo anzeru aja". Akadakhala munthu woipa bwenzi zili bwino, ndikadamuda momasuka. Koma iye ankandigawira, n'kumati, "Tengani, achemwali, izi n'zathu tonse." Mpungawo ndinkadya, koma sunkatsika bwino.

Chidandipweteka koposa ndi amayi. Nditapita kunyumba Loweruka lina ndidawapeza akuthira phulusa m'nyemba. Adati, "Wamva zimene anena Achimwene Dali? Akuti phulusali limakanda kachirombo n'kukaumitsa. Iwe ukukhala nawo pafupi, uziphunzirako." Ndidawauza kuti mawu amenewo ndidalemba ndine. Adangoti, "Chabwino," monga amachitira ndi kasitomala wonama kuti abweranso. Nsanje idandigwira, ndipo sindibisa. Lolemba lake ndidapempha a Jere kuti nanenso ndigwireko maikolofoni. Adati tsiku langa lidzafika, ndisafulumire.

Lidafika mu Okutobala. Womvera wina wa ku Bwanje adafunsa chifukwa chake madzi a mumtsuko amazizira pamene a mu ndowa ya pulasitiki amafunda ngati tiyi wa dzulo, zonse zili m'nyumba imodzi. Ndidatsikira kuchigwako kukaona mayi Nachisale, woumba mbiya. Adandigwiritsa mtsuko wodzaza madzi, kunja kwake kuli kwachinyezi. Adati mtsuko wa madzi saupaka kanthu, kuti watsopano umaziziritsa kuposa wakale, ndiponso kuti amayi awo ankauika pamchenga wonyowa pakona podutsa mphepo. Buku lidagwirizana nawo: dothi lootcha lili ndi timabowo tosaoneka, madzi pang'ono amatulukira kunja, ndipo akamauma amachoka ndi kutentha. Ndidabwereka choyezera kutentha kwa mphunzitsi wina n'kuyeza ndekha. Tsamba limenelo ndidalinyadira kuposa onse.

A Jere adaganiza zoti pulogalamuyo tikaulutsire komweko tsiku lamsika. Che Saidi, mwini golosale pa siteji, adatibwereka khonde lawo ndi magetsi. Tidayala mikisa, makina osakanizira mawu, pa tebulo, kulumikiza foni yotumizira mawu ku situdiyo, n'kupachika zimkuzamawu ziwiri pa mizati. Mayi Nachisale adabwera ndi mitsuko yawo yogulitsa n'kutibwereka umodzi, ife tidaika ndowa pambali pake. Anthu adadzaza mpaka mumsewu, ena atakwera pa njinga zawo kuti aone nkhope ya Achimwene Dali.

Achimwene Dali adatsika mu minibasi atakulunga mpango m'khosi, dzuwa lonse lija. Chimfine chidali chitawagwira, mawu atasasa. Adayesa kupereka moni, kudangotuluka mpweya. A Jere adanditembenukira nati, "Esinati, tsiku lako lija ndi lino."

Ndidakondwa. Mnzanga akudwala, ine ndidakondwa, ndipo ndidaimbira amayi kuti atsegule wailesi.

Nditavala mahedifoni ndidayamba kukhuthula zonse zimene ndinkadziwa. Ndidayamba ndi mbiri ya kuumba mbiya, ndidalowa m'timabowo, ndidafika pa mamolekyu, ndidatchula ndi zimene ndidayeza. Ndinkafuna Ntcheu yonse idziwe m'mphindi zochepazo kuti mutu wa pulogalamuyi ndi uti. Nditakweza maso ndidaona misana. Anthu ankabwerera ku tomato wawo. Foni ya mafunso, imene masiku onse siipuma, idali phee. Mayi wina wobereka mwana adafunsa mokweza, mpaka zidalowa mu maikolofoni, "Kodi Achimwene Dali ali kuti? Ife tabwerera iwowo." Che Saidi adawerama n'kundinong'oneza kuti, "Mwanangu, makasitomala akutha pakhonde panga."

Pamenepo mutu udaima. Ndidataya mzere pa tsamba, ndipo mu mahedifoni mudangoti zii. Pa wailesi palibe choopsa kuposa chete. A Jere ankazunguza chala m'mwamba kuti ndipitirize, koma ndidalibe choti n'kupitiriza.

Achimwene Dali adadzuka pa benchi. Adatenga chikho, natunga madzi mu ndowa, ofunda aja, osati a mumtsuko. Adapempha mkono wa Che Saidi ndi manja, nathira madziwo pang'ono, kenako n'kuwasonyeza kuti auzire. Adandikoka dzanja la bulauzi n'kunong'ona, "Nenani zimene mukuona. Afunseni akumva bwanji."

Ndidachita zomwezo, chifukwa china ndidalibe. Ndidauza omvera kuti Achimwene Dali athira madzi ofunda pa mkono wa Che Saidi, ndipo Che Saidi akuuzira. Ndidawalozetsa maikolofoni.

"Pazizira," adatero Che Saidi. Adauziranso. "Koma madziwa anali ofunda. Pazizira ndithu."

Misana ija idatembenuka. Mayi wobereka mwana uja ndiye adayamba kutambasula mkono, kenako wa kabaza, kenako ogulitsa mpunga. Posakhalitsa msika wonse udali ukuuzira mikono ngati anthu opsa ndi phala. Achimwene Dali adanong'onanso, "Tsopano za mtsuko. Mawu ochepa, achemwali."

Ndidati, "Mtsuko umatuluka thukuta ngati ifeyo. Mphepo ikaumitsa thukutalo, imapita ndi kutentha. Ndowa ya pulasitiki situluka thukuta." Basi. Mayi Nachisale adalanda maikolofoni nati, "N'chifukwa chake ndimakana anthu ondiuza kuti ndizipaka penti." Anthu adaseka, foni idayamba kulira, ndipo mitsuko yonse imene mayiwo adabwera nayo pamsika idagulidwa tsiku lomwelo.

Pulogalamu ikutha, Achimwene Dali adatenga maikolofoni. Ndidali pafupi, ndiye ndidaona milomo yawo ndipo ndidamva kanong'onong'o kake. Adati zonse zimene amanena pa pulogalamuyi amafufuza ndi Esinati, mwana wa ku Biriwiri. Chinthu chimene ndidachilakalaka miyezi yonse ija chidanenedwa pa wailesi, koma ndi munthu wopanda mawu. Palibe adamva. Che Saidi adatuluka ndi thumba la mpunga n'kuliika pa miyendo ya Achimwene Dali, kuwathokoza chifukwa chodzaza khonde.

Mu minibasi a Jere sadandikalipire. Adangoti, "Unkafuna anthu adziwe kuti ukudziwa. Anthuwo amafuna adziwe iwo eni." Maikolofoni sadandipatsenso mpaka mvula idagwa n'kusiya.

Loweruka ndidapita kunyumba. Amayi adati, "Ndinamva. Unayamba ngati akukuthamangitsa ndi agalu." Adapitiriza kusanja kachewere mu ndowa, kenako n'kuwonjezera, "Koma Achimwene Dali ndi anzeru. Ngakhale osalankhula." Ndidafuna kutsutsa, koma ndidakumbukira kuti amene adaulutsa dzina lawo tsiku limenelo ndidali ine ndemwe.

Lero ndili ndi pulogalamu yangayanga ku wailesi ina, ndipo ndili ndi wondifufuzira. Dzina lake ndimalitchula koyambirira, mawu akadali onse. Tsamba likafika ndimayamba ndafunsa kuti pamenepa mkono woti tinyowetse ndi uti, chifukwa munthu sumufotokozera chinthu asadachimve pakhungu pake. Chimenecho ndidachitenga kwa munthu amene ndinkamuchitira nsanje, ndipo nsanjeyo siidathe. Ndikamva mawu awo pa wailesi mtima umandiwawabe, koma sindisintha siteshoni.

Pulogalamu ya ku Bwanje ija ndidaisunga. Nthawi zina ndimapita kumapeto kwake, n'kuvala mahedifoni, n'kukweza voliyumu mpaka pothera. Pamene adatchula dzina langa pamangomveka mpweya, ngati munthu akuuzira pa mkono wonyowa.