Nkhope ya amalume pansalu

Kukonza zithunzi ndinadziphunzitsa ndekha pafoni, nditakhala pachulu kuseri kwa nyumba yathu ku Msakambewa, poti netiweki imagwira pamenepo pokha. Koma anthu akandifunsa, ndinkati ndinaphunzira kukoleji ku Lilongwe. Bodzali linkandikoma.

Pokonzekera mwambo wa chiliza cha malemu amalume, abale anandipatsa ntchito yokonza nsalu yaikulu yokhala ndi nkhope yawo. Ndinatenga kachithunzi kamene wina ananditumizira pafoni, n'kukakoka mpaka kanadzaza nsalu yonse.

Bambo wosindikiza ku Madisi atakaona pakompyuta yake anati, "Achimwene, chithunzichi n'chaching'ono, sichituluka bwino. Mulibe china?"

Sindinamve chimene ankatanthauza, chifukwa pafoni panga chinkaoneka bwinobwino. Koma kufunsa kukanandiyalutsa. Ndinati, "Sindikizani basi, ine zimenezi ndinapitira kusukulu."

Tsiku la mwambo nsalu ija tinaitambasula kumanda, anthu onse akuona. Amalume anali mbuu ngati nkhungu ya m'phiri la Ntchisi, chodziwika chinali jekete lokha. Mayi anga anayandikira, n'kusisita pamene panayenera kukhala nkhope.

"Maso angawa atha, mwanangu," anatero. "Achimwene anga enieni sindikuwazindikira."

Mpata wonena zoona unali pomwepo. Ine ndinangoti, "Ndi dzuwali, amayi."

Nsaluyo amayi anaipachika pabalaza, ndipo m'mawa uliwonse amaima patsogolo pake akutikita m'maso. Chiyambire tsikulo sindinakonzenso chithunzi cha munthu. Mwezi watha anandipempha kuti ndiwaperekeze kuchipatala akapimitse maso. Ndinawaperekeza, ndinawanyamulira ndi chikwama chomwe.