Mkamwini Wodwala Maganizo

Chaka chimene napolo anatsika m'phiri n'kukokolola mudzi wakwathu cha ku Muloza, ine n'kuti ndili pachikamwini kumunsi kwa Chitakale, kumudzi kwa akazi anga. Kumeneko madzi sanafike. Nyumba yathu inali yanjerwa zootcha, ndinaumba ndi manja angawa pamalo a apongozi. Koma nyumba ya amayi anga inagwa. Iwo anapulumuka, n'kuyamba kugona m'kakhitchini kaudzu kamene kanatsala katapendekeka. Mwana wamkazi woti awasunge analibe. Tinabadwa amuna awiri, ndipo mng'ono wangayo anapita ku Joni n'kuiwala njira yobwerera.

Ndinapita kukawaona, ndinachirikiza khoma la kakhitchiniko ndi mitengo, ndinabwerera kuntchito. Kuyambira pamenepo tulo tinandithawa. Ndikangoika mutu pansi, mvula n'kugunda pamalata, ndinkaona kakhoma kaja kakufewa. Ine pouma, pamatiresi, amayi anga akusuntha mphasa kuthawa podontha. Ndinkatembenuka mpaka atambala kulira, akazi anga ali phee pambali panga.

Anthu amaona ngati kusagona si matenda, poti sikutuluka magazi. Ine kunandidya masana, anthu akuona. Ntchito yanga inali ya kuesiteti, kuthyola tiyi nthawi yamvula, kudulira nthawi yozizira. Maso ankalemera ngati muli mchenga. Kapitawo akandiuza mzere woti ndilowe, ndikangoyenda pang'ono ndaiwala. Manja ankanjenjemera, mtima unkagunda m'makutu, chakudya sichinkatsika. Ana anga awiri, amene kale ankandithamangira ndikamafika, anayamba kubisala kuseri kwa khola chifukwa ndinkakalipa ngakhale nkhuku ikalowa m'nyumba. Tsiku lina podulira ndinawodzera chilili, mpeni n'kunditema pantchafu.

Bala limenelo ndi limene linandifikitsa kuchipatala cha ku Mishoni. Atandisoka, adokotala anandikulunga chopimira pamkono, n'kuyang'ana, n'kubwerezanso. Anali munthu wachinyamata koma wodekha. Anandifunsa ngati ndimagona, ndipo ine ndinangoseka.

“Bambo, magazi anu akuthamanga kwambiri,” anatero. “Mankhwala ndikupatsani, koma gwero lake ndi kusagonaku. Thupi limadzikonza munthu ali m'tulo. Mukapitiriza chonchi mudzagwa tsiku lina osadzukanso bwino. Amenewa ndi maganizo.”

Anandiuza kuti ndisiye tiyi wamadzulo, foni ndiziisiya kutali ndi bedi, ndizigona ndi kudzuka nthawi imodzimodzi, ndiziyendako dzuwa lisanalowe kuti thupi lipepuke. Chachikulu, anati ndipeze munthu womuuza zakukhosi. Ndinachoka nditapepukidwa, poti chinthu chondizunzacho chinali ndi dzina. Sindinadziwe kuti dzinalo ndi limene lidzandipasulire banja.

Nditafika, akazi anga anali akusenda chinangwa pakhonde. Anandifunsa kuti akuchipatala apeza chiyani.

“Akuti ndi maganizo.”

Mpeni unaima. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kubandeji.

“Maganizo? Mukuganiza ndani?”

Sanafunse kuti ndikuganiza chiyani. Anafunsa kuti ndani. Kuchipatala liwulo ndi matenda ngati malungo, koma pakhomo mwamuna sangoganiza chabe: amaganiza mkazi wina, kapena amaganiza zochoka. Ndinayankha kuti palibe, ndi matenda basi. Ndikanatani? Mkamwini sapempha malo oikapo amayi ake. Munda si wake, pamene wamanga si pake, ndipo anamubweretsa kudzabereka ana ndi kufolera denga. Kunena kuti amayi anga akunyowa kukanamveka ngati ndikufuna kusamutsira mtundu wanga wonse pamalo a eni. Ndinaudziwa mwambowo, ndinaulemekeza, ndipo mwambowo sunandilemekeze ine.

Mawa lake nkhani inali itafika kumjigo. Apongozi anga aakazi, amene nyumba yawo inayang'anizana ndi yathu, sankalankhula nane maso ndi maso monga mwa ulemu wake, koma ankadziwa kulankhula ndi nkhuku mokweza ine ndikudutsa.

“Ena timawapatsa munda, timawapatsa nandolo, koma akadwale maganizo pakhomo pathu. Dziko lonse lidziwe kuti kuno timazunza anthu, eti?”

Ine ndinagwira malangizo aja ngati mwana wasukulu. Tiyi ndinasiya, munthu wokhalira kuthyola tiyi. Akazi anga anati ndayamba kukana za m'manja mwawo. Foni ndinkaizimitsa madzulo n'kuisiya pawindo, iwo amvekere ndikubisa amene amaimba. Ndinayamba kuyenda ndikaweruka, kutsika mpaka pamlatho n'kubwerera, mwendo ukukoka. Apo ndiye ndinawapatsa umboni. Mwamuna wovulala akukatani kumlatho tsiku ndi tsiku, atasamba? Chilichonse chimene ndinkachita kuti ndichire chinkasanduka mlandu. Komabe pang'ono pang'ono zinkathandiza, masiku ena ndinkagwidwako tulo chakum'bandakucha. Koma ndikalowa m'nyumba n'kupeza nkhope zili ndwii, mutu unkayambiranso.

Womuuza zakukhosi ndinamusowa. Anzanga a kuesiteti ankati ndimwe kachasu pang'ono, ndigona ngati mwala. Ndinawaona amene amagona choncho, sindinasilire. Akutchalitchi anandipempherera, n'kundiuza kuti ndisadere nkhawa za mawa. Mawuwo ndi abwino, koma satseka denga lodontha.

Mvula yotsatira ili pafupi, akazi anga anakasuma kwa amalume awo, amene ndiwo eni mbumba komanso ankhoswe athu. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango Lamulungu titaweruka kutchalitchi. Kumbali yanga kunabwera msuweni wanga yekha, munthu woopa mikangano, amene anangokhala akutokosa pansi ndi kamtengo.

“Akamwini,” anatero amalumewo, “mwana wathuyu akuti simugona, simudya, mukuyendayenda. Achipatala akuti maganizo. Tiuzeni lero, amene mukumuganizayo ndani?”

Ndinatopa. Ndinanena zonse: kakhitchini kaja, mphasa yonyowa, mitambo imene inali itayamba kusonkhana pamwamba pa phiri. Ndinati sindikupempha munda, ndikungopempha kuti amayi anga adzakhale m'chipinda cha ana mpaka mvula ithe.

Ndinkayembekeza kuti wina achita manyazi. Akazi anga anawerama, ndipo ndikhulupirira kuti mumtima anamasuka kumva kuti kulibe mkazi wina. Koma amene analankhula ndi amayi awo, ndipo aka kanali koyamba kundiyang'ana m'maso.

“Ndiye kuti chikhalireni kuno mtima uli kwanu? Lero chipinda, mawa munda, mkuja manda. Ife malo athu ndi ochepa, tiyi anatizungulira mbali zonse. Ngati tulo tanu tili kwa amayi anu, pitani mukagone komweko.”

Amalume aja anakhosomola n'kunena kuti mapanga awiri avumbwitsa, ndisankhe limodzi. Msuweni wanga anati tamva. Mlandu unathera pomwepo, ndipo aliyense anapita kukadya.

Za kuchepa kwa malo sankanama, ndimadziwa. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti miyezi yonse ija ndinkauma iwo akuona, ndipo anali okonzeka kundikhululukira chibwenzi. Akanandilipitsa nkhuku, nkhani n'kutha. Koma za amayi anga, ayi.

Ndinamanga zovala pa njinga Lolemba m'mawa. Nyumba ndinaisiya, poti mkamwini sanyamula khoma. Akazi anga anaima pakhomo atafunda chitenje kumutu, n'kunena chapansipansi kuti ndikachira ndibwere. Kwathu ndinazika mitengo, ndinafolera kakhitchini kaja ndi pulasitiki ndi udzu watsopano, ndinayala mphasa pafupi ndi chitseko. Mvula yoyamba itagwa ndinagona tulo tofa nato, mpaka amayi anachita kundigwedeza dzuwa litakwera, kuopa kuti ndatsogola. Patapita miyezi manja analeka kunjenjemera, thupi linabwerera, ndipo kuchipatala anati magazi akhazikika. Adokotala aja anandiyamikira kuti ndine womvera malangizo.

Amayi anga akali moyo, ndi okalamba kwambiri, ndipo kuwasiya sindingathe. Kwa akazi anga ndinapitako kangapo. Ulendo womaliza ndinapeza nsapato za mwamuna wina zitayanikidwa pakhonde limene ndinazira ndekha, ndipo ndinabwerera pomwepo.

Mwezi wathawu ndinakumana ndi mwana wanga wamkulu pamsika wa ku Boma, atamutuma tomato. Watalika, mawu ayamba kusintha. Anandipatsa moni wa manja awiri ngati ndine mphunzitsi wake. Ndinamugulira nanazi, tinakhala pakhonde la sitolo.

“Ababa, matenda aja munachira?”

Ndinati eya, ndinachira, masiku ano ndimagona bwino.

Anayang'ana nanazi lija kanthawi, akulitembenuza m'manja.

“Amayi anati mukachira mubwera. Ine ndinkangoti mukudwalabe.”