Kalata ya malemu yasanduka timabokosi

Lachiwiri lapitali ndinaperekeza mlamu wanga Esnati ku kashopu kotayipa ku Area 1. Esnati amayimba kwaya kutchalitchi, koma bambo ake anali Msilamu wa ku Nkhotakota. Asanamwalire anasiyira ana awo kalata. Mawu ake ndi a Chichewa, koma zilembo ndi za Chiarabu, zoyambira kumanja kupita kumanzere. Pa ana onse asanu palibe amene amatha kuiwerenga.

Pepalalo lili ndi mchimwene wake ku Joni, ndipo inki yayamba kufufutika. Mchimweneyo anakopera chilembo chimodzichimodzi pa kompyuta n'kutumiza. Esnati ankafuna kuisindikiza ndi zilembo zikuluzikulu kuti a Saidi, telala wokalamba wa mumsika waukulu amene ankapemphera limodzi ndi malemuwo, amuwerengere. Maso awo anayamba kale kuchita chidima.

Titaitsegula, tinapeza timabokosi topanda kanthu tili mbwee m'mizere yonse. Mizere ina inali itaduka pakati, mawu atasemphana.

Mwini shopu, a Nachisale, anatifotokozera modekha. Anati kompyuta imadziwa chilembo chilichonse ndi nambala yake, ndipo pali manambala ena amene sanapatsidwebe chilembo. Malemuwo ankawonjezera timadontho tawotawo kuti alembe mawu ngati ng'ombe, ndiye mchimwene uja, posowa zilembo zoterozo, anadzijambulira zake n'kuziika pa manambala opanda mwiniwo. Kompyuta yake yokha ndiyo inkaziona. Ya kuno ikakumana ndi nambala yotere imangoyang'ana kumene yakhala. Ikakhala pakati pa manambala a Chiarabu, imaiyendetsa chakumanzere. Ikakhala kwina, chakumanja. Mzere n'kusokonekera pomwepo.

Tinasindikizabe, n'kupita kumsika. A Saidi anaimitsa makina, nayandikiza pepala kumaso. Anawerenga moni, anawerenga za munda. Kenako anafika pamene pali dzina la mlamu wanga.

"Esnati mwana wanga, za ukwati wako wa kutchalitchi uja, ine…"

Anaima, chifukwa chotsatira chinali timabokosi tokhatokha. Malemuwo sanabwere ku ukwati umenewo, ndipo sanaitchulepo nkhaniyo mpaka imfa yawo. Esnati anapempha a Saidi kuti angoganizira zimene zikanakhala pamenepo, popeza ankawadziwa bwino bambo ake.

"Mayi, sindingaike mawu m'kamwa mwa munthu wakufa," anatero a Saidi, nabweza pepalalo.

Esnati analipinda kanayi. Tinakwera minibasi n'kubwerera kunyumba.

N'kosavuta kudzudzula makina. Ndi zoona kuti amene anagawa manambalawo sanamvepo mmene agogo athu ankalembera. Koma kompyuta ija inayesako, inalota njira ngakhale sinkadziwa chilembo. Nanga ife? Bamboyo anakhala zaka zambiri pakati pa ana ake akulemba m'kope lake, ndipo palibe anakhalapo pansi n'kufunsa kuti chilembo ichi chimati chiyani. Tinkaona ngati za kumzikiti, zosatikhudza. Nanenso makope a amalume anga a nyimbo ndinayatsira mbaula posamuka ku Area 3.

Timakonda kunena kuti mawu a akulu akoma akagonera. Akoma bwanji ngati wowawerenga kulibe?

Mchimwene uja walonjeza kubwera ndi pepala lenileni pa Khirisimasi. A Saidi masiku ano amachita kupempha mnzawo wa benchi ina kuti awalowetsere ulusi m'singano. Kodi maso amenewo adikira mpaka Disembala?