Nkhonya Imene Sindinaponye ku Lirangwe

Karate ndinaiphunzira mu holo ya tchalitchi kwathu ku Chileka, kwa bambo wina wamfupi amene anaitola ku Joni komwe ankagwira ntchito ya ulonda. Ankatiimika opanda nsapato pa simenti yozizira, ndipo tisanayambe kulumphalumpha ankatibwerezetsa lamulo lake: dzanja lophunzitsidwa silibwezera. Ine lamuloli ndinalimeza lonse ngati vesi yoloweza pamtima. Pomwe ndinkavala lamba wakuda n'kuti nditatchuka kale chifukwa choswa njerwa zootcha pa zochitika za kusukulu. Amayi ankangopukusa mutu, amvekere: "Anzanu akuumba njerwa, inu mukuswa. Ntchito yake imeneyi?"

Mlongo wanga wonditsatira anakwatiwa ndi mwamuna wa ku Lirangwe, wokonza njinga pamsika. Anamutenga pachitengwa, kukakhala kwawo kwa mwamunayo, ndipo popeza amalume anali atamwalira, nkhoswe ya mbali yathu ndinali ine.

Tsiku lina masana, m'nyengo yokolola, mlongo wangayo anatsika pa kabaza mwana ali kumbuyo, tsaya litatupa, diso limodzi litatsekeka. Iye sanalire. Analira ndi amayi, kenako ananditembenukira.

"Njerwa zija zinakulakwirani chiyani? Wolakwa ndi uyo ali ku Lirangweyo!"

Ndinakwera minibasi magazi akuwira. Njira yonse ndinkasankha pomenya. Anthu sadziwa kuti munthu wophunzira kumenya sakwiya mwachisawawa, amakwiya ndi ndondomeko. Ndinkaidziwa nthiti yothyoka msanga, ndinkadziwanso kapindidwe ka dzanja koti lisadzagwirenso sipanala. Alamu ndinawapeza atakhala pa chitini akumata chubu. Ndinawadzutsa ndi kolala. Anali opepuka modabwitsa, akununkha guluu ndi kachasu wa dzulo. Anthu anaunjikana, ena akukuwa kuti, "Apatseni, achimwene, azolowera amenewo!"

"Alamu, pepani, ndi mowa," anatero alamuwo.

Chibakera ndinali nditakunga kale. Ndinachiyang'ana, ndinakumbukira lamulo lija, n'kuwataya. Anakagwera pa njinga za eni.

Pobwerera ndinkadziona ngati mngelo. Kunena zoona, ndinanyada kuposa tsiku lolandira lamba, ndipo aphunzitsi anga atamva anandigwira chanza pamaso pa gulu lonse.

Sipanapite nthawi, ankhoswe akuchimuna anabwera ndi alamuwo, atanyamula nkhuku yopepesera. Tinakhala pamphasa, alamu anagwada n'kulumbira, maso ali pa manja anga. Ine ndinalankhula bwino kwabasi tsiku limenelo, za kukhululukirana, za kuti banja ndi kupirira. Nkhani isanathe, mlongo wanga anandikodola, tinapita kuseri kwa nkhokwe.

"Achimwene, ndipitedi?"

"Pita, chemwali. Akundiopa tsopano amene aja. Sangayerekezenso."

Anakalowa m'nyumba kukamanga katundu wake.

Kundiopa ankandiopadi alamuwo. Anangophunzira kumenya posaoneka, ndi kumuletsa mkazi kubwera kwathu. Ife tinkati poti kuli zii ndiye kuti kuli mtendere. Chimanga cha chaka chotsatira chisanaume, mlongo wanga anabwera yekha ndi mwana wake, osadzera kwa nkhoswe aliyense. Kuchipatala anati khutu lakumanzere linaphulika mkati, silidzamvanso.

Anzanga mpaka lero amati ndinalakwitsa, ndikanawathyola dzanja alamuwo pamsika pomwe paja. Amati nkhonya yobwezera kuwawa. Kuwawa imawawadi, koma sindigwirizana nawo. Ndikanawamenya, mtima ukanatsika wanga, anthu akanaomba m'manja, ine n'kukagona kupolisi, ndipo ululu wa nthiti zawozo akanakaulipiritsa kwa yemwe ankagona naye nyumba imodzi. Kubwezera kumakomera wobwezerayo basi.

Chomwe chimandidya n'choti kusabwezera kwanga nakonso kunakomera ine ndekha. Mlandu wonse ndinausandutsa wa dzanja langa, limenye kapena lisamenye, ngati kuti wotupa tsaya ndinali ine. Mlongo wanga sanandipemphe nkhonya. Anandifunsa funso limodzi kuseri kwa nkhokwe, ndipo yankho lake silinkafuna lamba wakuda. Ndikanangoti khala, nkhuku ija ikanabwerera ndi eni ake. Koma nkhukuyo tinadya, ine ndinalandira chiwalo chabwino monga nkhoswe. Zimenezi zimandiwawa, ndipo ndilibe woti ndimugwire pakolala.

Karate sindinasiye. Ndimaphunzitsa mu holo yomwe ija, ndipo lamulo la aphunzitsi anga ndimalibwerezabe, kungoti mawu sakutulukanso ndi mphamvu ngati kale.

Mlongo wanga masiku ano amagulitsa tomato m'mbali mwa msewu ku Chileka konkuno. Sanandinenepo, ngakhale mwa nthabwala, ndipo ndikapita amandisankhira tomato wakupsa bwino. Posachedwapa ndinalimba mtima kuti ndimupepese. Ndinakhala naye pa benchi, makasitomala atachepa, n'kuyamba kulankhula motsitsa mawu, maso ali pansi. Ndinanena zonse, za nkhokwe, za nkhuku, za kunyada kwanga. Nditamaliza ndinadikira. Iye anatembenuza mutu wonse, akumwetulira.

"Mumalankhula ndi ine, achimwene? Bwerani mbali iyi, uko sindimva."

Ndinadzuka n'kukakhala kumanja kwake. Anatchera khutu, ndipo ine ndinangomufunsa ngati tomato akuyenda malonda.