Tiyi wa Pampopi Watsopano

Kumapeto kwa tauni yathu ya m'chipululu cha Gobi kuli mdala wina, kale woweta ngamila, amene lipoti la bungwe la madzi silimuphonya. Chaka chilichonse amatchera khutu pawailesi kumva makomo amene mapaipi afikako, n'kugwedeza mutu mokhutira. Akatero amakoka kangolo ka zigubu kukatunga madzi kutali, chisanu chikuluma makutu.

"Madzi akubwera, anzanga," amatero panjira. "Kungoti akuyenda ngati ngamila yabere."

Chaka chino bungwe lamukumbukira. Antchito anazika mpopi wonyezimira pakhomo pake, koma paipi ayi. M'mawa mwake kunafika bwana wa bungwelo, Davaasuren, ndi wojambula zithunzi za lipoti.

"Agogo, taimani apa, mumwetulire," anatero bwanayo.

"Mlendo sayamba ntchito asanamwe tiyi, mwana wanga. Lowani."

Mdalayo anatchera ketulo pampopi, n'kutsegula, n'kudikira mwaulemu, n'kutseka. Anaitereka pamoto pang'ono, n'kuipendeketsa pa kambale komwera tiyi. Kenako anapereka kambaleko ndi dzanja lamanja, lamanzere litachirikiza chigongono, monga mwa mwambo. Munalibe ngakhale dontho.

Kuno tiyi sakanidwa, ndipo mbale siikhala pansi mlendo asanalawe. Bwana anayang'ana wojambula uja, wojambula anayang'ana kudenga. Bwana anaika kambale pamlomo, n'kumeza.

"Wakoma?"

"Wakoma ndithu, agogo."

Mdala ananyamulanso ketulo.

"Ndikuwonjezereni, musachite manyazi. Wailesi yati chaka chino madzi akwanira aliyense."