Nsapato za Khirisimasi Zogula mu Julayi

Amene anaika Khirisimasi mu Disembala sanalimepo fodya. Kwathu kuno ndalama imabwera mabelo akagulitsidwa ku okushoni, nyengo yozizira, ndipo ikafika siikhala pansi. Imangopereka moni ili chiimire n'kupitirira. Pofika Disembala umakhala utatsala ndi khasu ndi chifuwa cha fumbi la m'chigafa. Ndiye pamenepo mwana akuyang'ane m'maso akufunse za chovala cha pa Khirisimasi.

N'chifukwa chake anthu anzeru, monga ine, timaguliratu mu Julayi n'kubisa pansi pa sutikesi.

Ine kunenerera ndi ntchito yanga yachiwiri. Pamsika wa ku Nkhamenya amayi ogulitsa tomato akandiona amayamba kuyang'ana kumbali. Ndinanenererapo bokosi la maliro a amalume anga mpaka kalipentala anandifunsa ngati ndikufuna kuti malemuwo apinde miyendo.

Chaka chimene ndikunenachi mwana wanga wamkazi, woyamba kubadwa, anali mu Sitandade 6. Nsapato yotseka anali asanavalepo, moyo wake wonse unali wa patapata. Ndinaganiza zomugulira mobisa. Nambala ya phazi lake sindinkaidziwa, choncho ndinachita momwe timachitira kumudzi: ataponda pafumbi pabwalo, ndinathyola phesi la chimanga, ndinayeza pamene anapondapo, n'kuwonjezera chala chimodzi choti akuliremo.

"Onjezerani ziwiri," anatero mayi ake. "Mwanayu akuphuka ngati nsungwi."

Ndinawauza kuti zala ziwiri ndi nambala ina, ndipo nambala ina ndi mtengo wina. Za msika azisiyire ife odziwa.

Wogulitsa nsapato za kaunjika anali bambo wina wachisilamu, wandevu zosamalidwa bwino, wosakwiya msanga. Iye Khirisimasi sakondwerera, koma sindikudziwa Mkhristu aliyense amene tsikuli limamukomera kuposa iye. Ndinapeza nsapato zakuda, zalamba wa pamwamba, phesi langa linalowamo bwinobwino. Mtima unati dyokodyoko, koma nkhope ndinaiumitsa. Malamulo a kunenerera ndi ophweka: usaonetse kuti chinthu wachikonda, chipezere chilema, ndipo akakana nyamuka uzipita, akuitana yekha.

"Pansi apa patha, achimwene," ndinatero. "Kachitsulo aka kachita dzimbiri. Mzungu anavala izi anamwalira kalekale. Ndingokuthandizani kuzichotsa pano."

Anakana. Ndinanyamuka. Ndisanafike kwa okonza njinga anandiitana. Ndinazitenga pamtengo woti mpaka lero ndikaukumbukira ndimamwetulira, ndi masokosi a banyira pamwamba.

Miyezi inapita. Mwana anadya mbatata, anadya mango, ine osaganizako kuti zakudya zonsezo zikutsikira kumapazi.

Kumayambiriro kwa Disembala aphunzitsi a Sande Sukulu anamusankha kuti adzawerenge mawu kutsogolo kwa mpingo wonse pa Khirisimasi. Anabwera kunyumba nkhope ili gwa.

"Adada, kutsogolo kuja ndi patapata sindikaimako. Bola ndikawauze apatse wina."

Mwana ameneyu sanama. Akati sapita ndiye kuti sapita, anatengera mayi ake. Komanso ndinkamuona madzulo aliwonse akuwerengera nkhuku ndime yakeyo kuseri kwa khola. Ankaifuna ndi mtima wonse. Ndinangoti, "Usawauze kanthu. Bambo ako ndi munthu wa mapulani."

Tsiku loti mawa ndi Khirisimasi, m'mawa, ndinatulutsa nsapato zija ngati nduna ikutsegulira mlatho. Banja lonse linasonkhana. Mwana analowetsa zala, phazi linafika pakati n'kuima. Chidendene chinatsala panja chikuonerera. Tinayesa sopo. Tinayesa kuveka phazi jumbo kuti literere. Ndinamuuza kuti apinde zala pang'ono, kuwerenga mawu si mpikisano wothamanga. Sanalire. Anazivula, n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Zikomo adada. Musungire azing'ono angawa."

Azing'ono akewo ndi anyamata okhaokha, ndipo nsapato zinali zachitsikana, zalamba wa pamwamba.

Mayi ake sanakweze mawu. Anangoti, "Bwererani. Ulendo uno lipite phazi, phesi litsale."

Aliyense wodziwa msika akuuzani kuti tsiku limenelo sugula ngakhale singano. Mitengo imakhala itakwera padenga, ndipo makolo amayenda ndi maso ofiira, akugula madiresi a netineti ndi timagalasi takuda ta pulasitiki ndi ndalama ya feteleza. Zaka zonse ndinkakhala pakhonde la golosale n'kumawaseka. Tsiku limenelo ndinaima nawo pamzere, nsapato m'khwapa, mwana kumbuyo.

"Aa, akasitomala anga a mu Julayi!" anatero wogulitsa uja. "Mwatikumbuka?"

Ndinati ndabwera kudzasintha, katundu ndi watsopano, sanaponde pansi. Anazitembenuza modekha.

"Pansi apa patha, bwana. Kachitsulo aka kachita dzimbiri. Munandiuza ndinu nomwe. Ndingokuthandizani kuzichotsa m'khwapamo."

Ndili mkati mofuna yankho, mwana anali atalowa kale mumulu. Anatulukamo atavala zofiirira, zonyezimira, akuyenda uku ndi uku pakatoni yoyala pansi.

"Adada, izi ndiye zenizeni! Onani, zandikwana ndendende! Sindikufunanso zina."

Pamaso pa wogulitsa. Mokweza. Zaka zanga zonse za pamsika zinathera pamenepo. Bambo uja anatchula mtengo, ine ndinayang'ana kumbuyo kuti mwina akugulitsa ndi mbuzi yomwe.

Ndinatsala ndi chida chimodzi. "Vula, tiye," ndinatero, n'kunyamuka. Ndinayenda pang'onopang'ono, makutu ali kumbuyo. Ndinadutsa okonza njinga. Ndinadutsa okazinga tchipisi. Palibe anandiitana. Nditafika pachigayo ndinacheuka: mwana anali atakhala pabenchi ya wogulitsa, nsapato kumapazi, akunyambita switi imene anamupatsa. Munthu sangakuitane katundu wako wamkulu utamusiyira yekha.

Ndinabwerera ndekha, wosaitanidwa, anthu akuona.

"Mwaiwala kanthu, bwana?"

Ndinalipira mtengo womwe anatchulawo, osachotsapo ngakhale ya machesi. Inali ndalama imene ndinasungira aganyu opalira fodya. Munda wonsewo ndinapalira ndekha mpaka chaka chatsopano, moti kunena zoona nsapatozo unagula ndi msana wanga.

M'mawa wa Khirisimasi mvula inagwa yosaseka nayo. Njira ya kutchalitchi inasanduka phala. Mwana anayang'ana matope, anayang'ana nsapato, n'kuzikulunga mujumbo. Anayenda ulendo wonse wopanda kanthu kuphazi, jumbo pamutu. Anakatsuka mapazi pamjigo wa pafupi ndi tchalitchi, n'kuvalira pakhomo.

Ine ndinakhala kumapeto kwa benchi, kumbali ya kanjira, kuti ndione bwino chuma changa chikudutsa. Atamuitana, anapita kukaima kuseri kwa gome lowerengera mawu, limene amayi a mvano analiveka nsalu yoyera yofika pansi. Mpingo wonse unkangoona mutu ndi mapewa. Akanatha kuima pamenepo atavala magambutsi anga.

Anatsegula buku, anakweza chibwano, n'kuyamba. Sanaphonye liwu ngakhale limodzi, ndipo mawu ake anamveka mpaka panja pamene panaima ochedwa.