Sopo pa Lamba wa Injini

Ndisananene kanthu, ndiyamike Mulungu amene wandisunga mpaka imvi, ndipo sananyansidwe kuwerama nane limodzi pansi pa boneti ya galimoto yokalamba.

Zaka zimene ankafunsa khadi la chipani pa chipata cha msika, ndinali ndi kagalimoto ka bokosi kumbuyo, kakale kuposa mwana wanga woyamba. Ndinkanyamulira chambo kuchokera ku madooko a ku Lungwena kupita ku boma la Mangochi. Tinkanyamuka kusanayere, nyali zikuyaka, koma dayinamo inali itatopa ndipo batire silinkadzaza. M'mawa uliwonse asodzi ankandikankha mumchenga uku akundinena. Tsiku lina nsomba zinafika ku msika zitayamba fungo, akazi anga n'kunena kuti zakwana. Mlimi wina wa ku Katuli ankafuna mawilo ndi bokosilo kuti apangire ngolo ya ng'ombe. Ndinawapempha akazi anga kuti ndiyese kamodzi kokha; zikakanika, galimoto iphwasulidwe. Anavomera.

Mlongo wa akazi anga, Msilamu wa kwa Mponda amene ankayendetsa malole, anandibweretsera alitaneta, makina odzazira batire olowa m'malo mwa dayinamo, yochotsedwa m'lole ina yogubuduzika. Inali yonenepa, yolemera, ndipo mlamu wangayo anati magetsi ake akhoza kuyatsa mudzi wonse. Tinaimanga Loweruka. Tinawotcheretsa chitsulo choikhazikapo, tinaika waya wonenepa wopita ku batire, kenako tinabwezeretsa lamba wakale uja amene ankazunguza dayinamo. Injini italira, kamuvi koonetsa magetsi ka pa dashibodi kanapendekera mbali yabwino. Koma nditayatsa nyali, pansi pa boneti panabuka kulira ngati kwa nkhumba yogwidwa mwendo.

"Alamu, nyama zanu zija mwayamba kuwetera mu injini?" anatero mlamu wangayo akuseka.

Anapempha chibenthu cha sopo wochapira, n'kuchikhudzitsa pa lamba akuzungulira. Phokoso linatha pompo. Anati madalaivala onse a malole amatero, ine ndisade nkhawa.

Sabata isanathe, asodzi anali akundikankhanso. Mlamu wanga anati batire ndi lokalamba ngati mwini wake. Ndinabwereka la mnansi wanga limene ankaimbitsira wailesi, nalonso linatha. Ndinatsuka mitu ya batire ndi madzi otentha. Ndinapala dzimbiri pamene waya amagwira thupi la galimoto mpaka chitsulo chinawala. Ndinalondola waya aliyense ndi zala, kufuna poduka, osapeza. Chimene chinkandizunguza mutu n'chakuti masana kamuvi kankaima bwino, koma ndikangoyatsa nyali kankagwa. Lamba sindinamuganizire, popeza anali chete. Uku mlimi uja anatumiza mawu kuti abwera ndi ng'ombe zake kudzakoka galimotoyo.

Lamulungu sindinagwire sipanala. Ndinakhala m'tchalitchi mtima uli kwina, ndipo ndinapempha chikhululukiro pa zimenezo. Madzulo ndikuwerenga Malemba ndinafika pa nkhani ya bulu amene anamenyedwa chifukwa chokana kuyenda, pamene iye ndiye ankaona choopsa chimene mbuye wake sankachiona. Ndinakhala nayo nthawi yaitali nkhaniyo. M'galimoto monsemo chinthu chimodzi chokha chinali chitadandaula, ndipo ife tinachitseka pakamwa.

Lolemba dzuwa litakwera ndinaliza injini, n'kuyatsa nyali zonse dzuwa likuswa mtengo. Anthu opita ku dooko anaima kundiyang'ana. Patapita kanthawi ndinazimitsa, n'kugwira kagudumu ka kutsogolo kwa alitaneta kamene lamba amadutsapo. Kanandiwotcha chala. Pa chitsulo panali fumbi lakuda, lamba akunyezimira ngati mbale yodzoledwa mafuta. Ndinakankha kagudumuko ndi dzanja, ndipo kanazungulira kokha, lamba ali phee. Apo ndinamvetsa. Makina amphamvu amalimba kuzunguza akamafunsidwa magetsi ambiri. Lamba wakale anali atadyeka m'mbali, atamira pansi pa ngalande ya kagudumu, osagwira kanthu. Masana katundu ankapepuka, iye n'kumakwanitsa. Nyali zikayaka ankangoterereka, sopo n'kumuthandiza kuterereka mwakachetechete.

Ndinapalasa njinga mpaka kwa Mponda, lamba wakaleyo ali m'khosi. M'sitolo munalibe wa galimoto, koma mwini chigayo wina anali ndi watsopano wolingana utali, wonenepa bwino. Nditabwerera ndinatsuka ngalande zonse ndi petulo mpaka sopo anatha. Pokoka alitaneta kuti lamba akungike panafunika munthu wina, ndipo panalibe mwamuna pakhomo. Akazi anga anapukuta manja, natenga nkhafi ya bwato, n'kuilowetsa pamene ndinawalozera.

"Bambo, ndikakoka nkhafiyi n'kuthyoka, mukayankha nokha kwa mwini wake."

"Kokani, mayi."

Anakoka ndi thupi lonse, ine n'kumanga mabawuti. Ndinaliza injini, ndinayatsa nyali, ndinaimba huta. Kamuvi kanagwedera pang'ono, kenako kanakwera n'kuima nji. Ndinavula chipewa pomwepo, manja ali bii, ndipo tinapemphera titatsamira galimoto injini ikulira.

M'mawa mwake asodzi anabwera okonzeka kukankha. Ndinawalola kuika manja pa bokosi, kenako ndinapotoza kiyi. Galimoto inadzuka kamodzi, nyali zikuwala mpaka pa maukonde oyanikidwa kutsidya kwa dooko. Nkhalamba ina inati tsopano sadziwa chimene azichita ndi mphamvu zake m'mawa.

Mlimi wa ku Katuli anafikadi ndi ng'ombe zake. Akazi anga ndiwo anamulandira, namupatsa madzi ndi chambo chowamba, n'kumuuza mwaulemu kuti mawilo akadali pa ntchito. Mlamu wanga atamva anati Mulungu ndi wamkulu, nawonjezera kuti alitaneta yake sinalakwe chilichonse. Pamenepo sananame. Galimotoyo inanyamula nsomba mpaka ana anga onse anatsiriza sukulu.

Inu amene mwawerenga izi, Ambuye akupatseni makutu oleza, alimbitse manja anu pa ntchito imene imadyetsa ana anu, akudzutseni ndi mphamvu m'mawa, ndipo akufikitseni kwanu mu mtendere. Amen.